Mlatho Ukatha

Kale, nyama zisanaphunzire kufunsa funso lachiwiri, kunali ufumu wa m'nkhalango wotchedwa Thengolathu, ndipo pakati pake pankadutsa mtsinje wa Mkokomo. Tsidya lino kunali midzi. Tsidya lija kunali tchalitchi, patsinde pa mkuyu waukulu, pafupi ndi chulu. Amene anakonza kuti zikhale choncho sindimudziwa, koma nyama zambiri zinakafika kwa Atate zili pa ulendo wokapemphera, ndipo ena ankati imeneyo ndiyo njira yachidule.

Mtsogoleri wa kwaya anali Mayi Nangondo, nkhanga ya mawu okoma ndi mtima wofewa ngati mpunga wa paukwati. Masiku amenewo nkhanga zinali ndi nthenga mpaka pamutu, ndipo za Nangondo zinkaima ngati duku la pa Khirisimasi. Mchemwali wake anamira mu Mkokomo poyesa kuuluka, pakuti nkhanga imauluka ngati mwala woponyedwa ndi munthu wotopa. Choncho tsiku limene mfumu, Mkango Bangulani, inalengeza kuti pamangidwa mlatho, Nangondo anavina mpaka fumbi linatsamwitsa a besi.

Amene anafotokoza zonse anali Fisi Dyeratu, Nduna ya Milatho ndi Zowoloka.

"Abale anga okondedwa, mafupa a mafupa anga," anatero Fisi, malovu ali chuchuchu, "njovu zati zikoka mitengo mwaulere, chifukwa zatopa kubereka anzawo pamsana. Koma atchete, oluka zingwe, akufuna malipiro: nthenga ndi ubweya zoyala m'zisa zawo. Ndiye mitengo ikangoyalidwa, muyamba kuwoloka, atchete akupitiriza kuluka. Wowoloka aliyense azisiya pachipata kanthenga kamodzi, kapena kaubweya kotsina ndi zala ziwiri. Ndi zochepa. Simumva n'kuwawa komwe."

"Mpaka liti?" anafunsa Nguluwe, yemwe ankadziwika kuti ngwamwano.

Fisi anaika dzanja pamtima. "Mlatho ukatha, msonkho watha!"

Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Nangondo anatenga mawuwo n'kuwaika m'nyimbo tsiku lomwelo, azimayi akutsogola, abambo akuvomera: mlatho ukatha, msonkho watha, aleluya, watha. Inali nyimbo yosavuta, yoti ngakhale mbuzi inkaigwira.

Mitengo inayalidwa, nyama zinayamba kuwoloka, ndipo pachipata anaikapo Nyani Sosola ndi mpiringidzo wake ndi dengu lake. Aliyense ankapereka akuseka. Nangondo ankachita kusankhira Sosola nthenga yokongola, nati chopereka sichikhala chopunduka.

Patapita nyengo, atchete anamanga mfundo yomaliza, nalandira dengu lomaliza. Mkulu wawo anakwera pamwamba pa mlatho n'kulengeza nyama zonse zikumva kuti zisa zadzaza, ana awo akuchita kutuluka thukuta, nthenga ina sakuifunanso. Anatsanzika, nauluka. Mfumu inadula riboni. M'mawa mwake ufumu wonse unabwera ndi ng'oma kudzaona mpiringidzo ukuchotsedwa.

Anaupeza atawupaka utoto watsopano.

"A Nduna," anatero Nangondo atagwada mwaulemu, "mwina anyamata anu sanamve. Mlatho uja watha."

"Watha?" Fisi anatembenuka modabwa, nauyang'ana mlathowo kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lija. "Suwu uli apawu? Wolimba, wonyezimira! Mayi, musatemberere chuma cha dziko. Tandiuzani, kunyumba kwanu mphasa imatha kangati?"

Nangondo anaganiza. "Imatha poiluka..."

"Eya."

"Ndiye imathanso ikang'ambika."

"Mwaona! Mphasa imatha kawiri. Ine ndinanena kutha kwachiwiriko. Kodi alipo anandifunsa? Ndipo mvetsani, abale: mlatho uli ngati mwana, umadya. Ufuna mafuta a nsatsi opaka mitengo kuti isafumbwe, ufuna zingwe zatsopano. Nthenga zanu tizikasinthanitsa ndi mafuta. Sindikuchitira mimba yanga, ndikuchitira zidzukulu zanu."

Nguluwe anayamba kutukwana, koma Nangondo anamuletsa. Za mphasa zija zinamupweteka, komabe za mafuta anaona kuti n'zoona. Nyumba yosazira imagwa, ndipo iye ankadziwa bwino chimene Mkokomo amachita pakakhala palibe mlatho. "Tiyeni tipereke, achimwene," anatero. "Kanthenga n'chiyani poyerekeza ndi moyo?" Anayambitsa nyimbo ija, ngakhale tsiku limenelo a besi anavomera mozizira.

Abale, msonkho ndi mbewu yodabwitsa. Sufuna mvula. Nthenga yowolokera inabereka nthenga yobwerera. Yobwerera inabereka yosamalira mpiringidzo. Kenaka kunabwera yothokoza boma chifukwa chosakweza msonkho. Mbalame zouluka zinauzidwa kuti zizipereka chifukwa mthunzi wawo umawoloka nawo, ndipo nsomba zinayamba kusiya mamba chifukwa mlatho unkazitchingira dzuwa. Mafuta okha ndiwo sanaoneke. Amene ankanyezimira anali masaya a Fisi.

Abusa a mpingo anali a Kamba, ndipo kamba alibe nthenga kapena ubweya. Akafuna kuwoloka kudzaona odwala, Sosola ankawatembenuza uku ndi uku kufuna potsina, n'kuwasiya chagada. Nangondo sakanapirira kuona mtumiki wa Mulungu akupalasa miyendo m'mwamba, choncho ankawalipirira. Ankalipiriranso achule a sopulano. Duku la pamutu lija linatha, khosi linatsatira, msana unayamba kuoneka ngati munda wodyedwa ndi dzombe.

"Amayi a kwaya afika!" ankakuwa Sosola akamuona. "Phimbani mutuwo, mutichititsa khungu. Lero tiyambira pati?"

"Mwana wanga, wokhometsa msonkho wina anakwera mumkuyu, natsika ali munthu watsopano. Iwe mitengo umakwera tsiku ndi tsiku, koma umatsika yemweyo."

"Ine ndimangotumidwa, amayi. Kwezani phiko."

Mwamuna wa Nangondo, a Chikakuda, anali atasiya kale kuwoloka. Ankati Mulungu amamva ndi tsidya lino lomwe, ndipo nthenga zawo zinali zonse.

Chaka chimenecho, Pasaka atayandikira, Nangondo anaikira mazira m'tchire kuseri kwa nyumba. Kunali mvumbi, mvula yosakata, yozizira mpaka m'mafupa. Nthenga zofewa zimene zinamutsalira zinali za pachifuwa zokha, ndipo ndi zomwezo zimene mayi amafungatira nazo mazira. Akanazipereka pachipata, anapiye akanafera m'zikhokhombe. Akanazisunga, kwaya ikanaimba Pasaka popanda woitsogolera.

"Khalani pansi, mayi," anatero a Chikakuda. "Aleluya saswa mazira."

"Ndipita kokonzekera Lachinayi lokhali, ndikawasiyire nyimbo. Inu mungokhalira pang'ono."

"Ine? Anzanga akandiona?"

Anakhalira ndithu, koma chammbali, ngati munthu wokhala pa mpando wa eni.

Lachinayi pobwerera kokonzekera, Nangondo ali pakati pa mlatho, anamva kaphokoso pansi pa mapazi ake. Kekete kekete, kekete ke. Anaima. Kaphokosoko kankatsata ndendende nyimbo yake ija. Anagogoda mtengo ndi mlomo, ndipo pakabowo panatuluka kamutu kotuwa. Anali Mayi Nachulu, mkulu wa chiswe cha pachulu cha kutchalitchi.

"Amayi athu! Mwatipeza tili pa ntchito ya Ambuye."

"Ntchito yanji, Nachulu?"

"Ife timakhala pansi pa tchalitchi, nyimbo zanu zonse timazimva. Titaona mutu wanu ukuyera chaka ndi chaka, mitima yathu inawawa. Tinati, amayiwa akuimba tsiku lililonse kuti mlatho ukatha msonkho watha, koma palibe akuwathandiza. Ndiye tinabwera ndi ana ndi zidzukulu. Tikuutha!"

Nangondo anafuula: "Mayo ine! Nanga ana aziwolokera pati? Lekani, lekani msanga!"

"Tileke chiyani, amayi? Mtima wa mitengo tinadya kale, kwangotsala khungwa lopakidwa utoto. Poyamba tinkaopa kuti tipeza mafuta a nsatsi, paja ife ndi mafutawo sitimwerana madzi. Koma a Nduna ndi munthu wabwino, sanatipingeko ngakhale dontho."

Nangondo anayenda chonyang'ama mpaka kuchipata, napempha kuonana ndi a Nduna. Sosola anati kuona a Nduna ndi nthenga imodzi. Anayang'ana chifuwa chake, anakumbukira mazira, anakumbukiranso mchemwali wake, ndipo anakweza mutu kuti Sosola azule.

Fisi anamulandira atatsamira pa mapilo ofika kudenga. Pilo imodzi inali itang'ambika pang'ono, ndipo pong'ambikapo panasuzumira kanthenga ka mawangamawanga kamene Nangondo anakadziwa ngati nkhope ya mwana wake.

"A Nduna, mlatho wadyedwa ndi chiswe. Ugwa."

"Mayi, mayi, mayi. Boma langokhazikitsa kumene komiti yoona za kulimba kwa mlatho, ndipo komitiyo yapeza kuti ndi komiti yolimba kwambiri. Mphekesera zotere zimathawitsa alendo. Loweruka lino ndi Tsiku la Mlatho, mfumu iwoloka pa machila. Kwaya yanu idzaime pakati pa mlatho, idzaimbe kanyimbo kathu kaja. Ndimakakonda. Kamandigonetsa tulo."

Lachisanu lonse Nangondo anangothamanga, chisa, khomo la mnansi, chisa, khomo lina, kuuza aliyense kuti mawa asaponde pa mlatho. Anatuma Njiwa kukachenjeza a tsidya lija. Anauzanso njati zonyamula machila a mfumu, ndipo njatizo zinangoyang'anana.

Loweruka mvumbi unakata, dzuwa linatuluka. Nyama zinadzaza magombe onse awiri, koma pa mlatho panalibe ndi nyerere yomwe. Kwaya inaima pamtunda. Nangondo anauza Sosola kuti pamadzi mawu amazizira.

"Taonani ulemu, mfumu!" anatero Fisi. "Anthu anu akusiyirani mlatho wonse."

Mkango Bangulani anafika atagona pa matiresi aakulu ngati khola la ng'ombe, ofutukuka mwakuti mfumuyo inkangooneka mphuno ndi mchira. Atafika pa mpiringidzo, njati zinatula machila pansi n'kunena kuti misana yagwidwa ndi nyamakazi, zonse nthawi imodzi. Fisi anakodola Sosola ndi nduna zina kuti anyamule okha, poti makamera a m'maso a anthu anali pa iwo.

Nangondo sanathe kupirira. Mfumu yomwe ndi cholengedwa, ndipo madzi sasankha. Anathamanga, nagwada kutsogolo kwa machila, mutu wake wa dazi ukuwala padzuwa.

"Mfumu, musaponde! Mlathowu watha!"

Mkango unatulutsa mutu m'matiresi, nuyasamula. "Tikudziwa, mayi. Unatha kalekale. Riboni ndinadula ndine."

Kenaka Nguluwe anakuwa: "Mwamva? Mfumu yati unatha kalekale! Nanga mpiringidzowu ukutani pano?"

"Ayi, ayi!" Fisi analumpha. "Mfumu ikunena kutha koyamba!"

"Ine ndikunena kwachiwiri, a Nduna," anatero Nangondo. "Kwanu kuja. Kwa mphasa yong'ambika."

Mkango unakwinya nkhope, pakuti sunkakonda nkhani zofuna kuganiza usanadye. "Dyeratu, ndiuze chimodzi. Mlathowu watha kapena sunathe?"

Fisi anayang'ana mlatho, anayang'ana dengu la Sosola. Akanati watha, dengu likanapita. Akanati sunathe, anayenera kuupondapo. Abale, ndaona nyama zambiri zikusankha pakati pa moyo ndi dengu, ndipo dengu siligonja kawirikawiri.

"Sunathe, mfumu! Ndipo sudzatha! Nyamulani!"

Ananyamula machila, Fisi patsogolo, Sosola pambuyo. Atafika pakati, Fisi anafuna kuchititsa manyazi onse okayika. Anayamba kuvina, machila ali paphewa, akuponda mwamphamvu, akuimba yekha ndi mawu ake osasa: mlatho ukatha, msonkho watha, aleluya...

"Watha," unavomera mlatho.

Sunachite phokoso lalikulu. Unangoti phwa, ngati chigubu chouma. Mfumu, nduna ndi machila zonse zinapita pansi, matiresi anakodwa pa chitsa n'kuphulika, ndipo kumwamba kunada. Nthenga! Ubweya! Mamba a nsomba akunyezimira ngati nyenyezi! Mphepo inazinyamula n'kuyamba kuzigwetsa pa magombe onse awiri, mwakachetechete, ngati chakudya chija chinagwa m'chipululu.

"Ubweya wa malemu amuna anga uwu!" anakuwa Gwape.

"Ndevu zanga za paunyamata!" inalira Mbuzi, ikuziyesa pachibwano.

Achule ankalumpha kutola nthenga zimene sanaperekepo. Abusa a Kamba, tsidya lija, anakutidwa mpaka anaoneka ngati nkhuku yokhalira mazira, ndipo mawu awo ankamveka m'kati mwa mulu akuti chaka cha ufulu chafika, aliyense abwerere ku chake. Kwaya inayamba yokha popanda woitsogolera, ndipo a besi anavomera mpaka masamba a mkuyu ananjenjemera.

Pakati pa mtsinje, mfumu ndi nduna zake zinali zitakangamira pathanthwe, zonyowa, zazing'ono modabwitsa. Mvuu anayandikira pang'onopang'ono.

"Kukwera pamsana panga ndi katsitsi kamodzi pa sitepe iliyonse," anatero Mvuu. "Musadandaule, mfumu, n'zakanthawi. Mtsinje ukatha, msonkho watha."

Nyama zinagubuduka ndi kuseka. Nangondo naye anaseka mpaka misozi, koma atapukuta m'maso anati, "Achimwene a Mvuu, atulutseni mwaulere. Adziweko kuti zaulere ziliko."

Mvuu anawatulutsa, ngakhale anamiza Fisi kawiri panjira, nati phazi linaterereka.

Nangondo sanadikire kuona akuuma. Anatola nthenga za mawangamawanga zodzaza mapiko onse, nathamangira kuchisa. Anapeza a Chikakuda atakhalira mazira bwinobwino, pakati penipeni, maso ali tseke.

"Ndimangopumula," anatero iwo.

Anayala nthengazo pansi ndi m'mbali, nakhalapo ndi chifuwa chake chosavala, ndipo chisa chinafunda ngati uvuni.

Pa Pasaka panalibe wowoloka. Abusa analalikira ali tsidya lija, kwaya inaimba ili tsidya lino, Nangondo akutsogolera ali pachisa, Mkokomo akuimba nawo pakati. A Chikakuda anati mwaona, ndinanena ine kuti amamva ndi tsidya lino lomwe. Nachulu ndi ana ake anabwera kudzalandira mayamiko, ndipo Nangondo anawathokoza chifukwa cha mtima wawo, n'kuwapempha kuti tsiku lina akamva nyimbo, azifunsa kaye asanayambe kudya.

Koma mtsinje sunasamuke, ndipo odwala tsidya lino ankafunabe abusa. Choncho madzi ataphwerako nyama zinasonkhana pagombe kukambirana za mlatho wina. Njovu zinavomera kukokanso mitengo. Njiwa anatumidwa kukaitana atchete. Za mafuta anagwirizana kuti khomo lililonse lizibzala nsatsi, ndipo ikafika nyengo yopaka, aliyense azibwera ndi chikho chake n'kupaka ndi dzanja lake, maso akuona. Nguluwe yemwe anati zimenezo apereka osatukwana.

Ali m'kati mokambirana, kumbuyo kunamveka kutsokomola. Anali Fisi Dyeratu, atauma, ubweya uli mabalamabala, dengu latsopano lili m'khwapa.

"Abale anga okondedwa, mafupa a mafupa anga, mfumu yandituma. Ngozi ija yatiphunzitsa zambiri, ndipo ine ndasinthika. Atchete afuna malipiro, ndiye pakufunika wodziwa ntchito wogwira dengu. Kanthenga kamodzi basi. Ndikulumbira pamaso pa abusa: ntchito ikatha, msonkho watha."

Nyama zina zinayamba kugwedeza mitu movomera, pakuti analankhula bwino, ndipo mawu okoma ali ngati mowa wa masese, umaiwalitsa mutu wa dzulo. Mbuzi inali itayamba kale kusisita ndevu zake kufuna yopereka.

Pamenepo m'tchire munatuluka Nangondo, pambuyo pake pali mzere wa anapiye oswedwa m'mawa womwewo. Onse anali amoyo, onse onenepa, ndipo atakula pang'ono anadzaoneka kuti onse ndi a dazi ngati mayi wawo. Anayenda mpaka pamapazi a Fisi, naimika makosi. Mayi anatsogola, ana anavomera, ndipo aka kanali koyamba m'Thengolathu kuti nyama ifunse funso lachiwiri.

"Kutha kuti? Kutha kuti? Kutha kuti?"

Gombe lonse linaigwira nyimboyo, ndi mbuzi yomwe. Fisi anayang'ana kumwamba ngati woyembekezera mvula. Kenaka anaika dengu pansi n'kunena kuti akukafunsa komiti.

Mpaka lero sanabwere nalo yankho. Nkhanga zikufunsabe m'thengomo, m'mawa ndi madzulo, mitu ili pambalambanda kuti aliyense aone mtengo wa kusafunsa.